Filimu ya ana asukulu yatha kujambulidwa: tiiponye pa YouTube kapena ipite kunja?

Nabanda wa ku Bembeke:
Moni nonse akuluakulu. Funso ndi la ana a kalabu ya zisudzo kuno. Ali ndi filimu ya mphindi 12, ya Chichewa chokhachokha, yojambula ndi mafoni awiri. Nkhani yake ndi ya mtsikana wogulitsa kachewere m'mbali mwa msewu amene wataya ndalama za mayi ake. Ena akuti iikidwe pa YouTube sabata ino, ena akuti ipite ku zikondwerero za mafilimu za kunja. Kodi zonse ziwiri sizingatheke? Nanga wopanda ndalama amayambira pati?

Aphunzitsi a pa Dedza boma:
Achemwali, auzeni asaike kaye pa YouTube. Pa zonse zimene tikambe pano, chimenechi chokha ndicho chikachitika sichibwezeka. Zikondwerero zikuluzikulu zimalimbirana kukhala zoyamba kuonetsa filimu, ndiye zimafunsa za premiere. Akati world premiere ndiye kuti filimuyo sinaonetsedwepo pagulu kwina kulikonse, ngakhale mu holo ya pa boma. Akati international premiere ndiye kuti kwanu munaonetsa koma kunja kwa Malawi sinatulukepo. Mpikisano wa mafilimu aafupi wa ku Cannes ku France, umene umachitika mu Meyi, sulandira filimu yopitirira mphindi 15 kuwerengera ndi mayina a kumapeto omwe, ndipo sufuna yomwe yayenda kale pa intaneti. Osewera ndi makolo awo kuionera m'kalasi chitseko chotseka palibe mlandu. Mlandu umayamba mukamata zikwangwani, kugulitsa matikiti kapena kuiponya pa Facebook.

Wamakamera wa pa Lizulu:
Aphunzitsi anena zoona, koma tisawaopseze ana. Si onse ofuna premiere. Sundance ya ku America, pa mafilimu aafupi, siletsa filimu imene inaonetsedwa kale kapena ili pa intaneti, ndipo zazing'ono zambiri zilibe nazo ntchito. Ndiye tengani pepala, lembani zikondwerero 10 kapena 12, chilichonse ndi tsiku lotsekera, malipiro, kutalika kumene chimalola ndi lamulo lake la premiere. Muyambe ndi zokhwima, zofewa zibwere pambuyo, YouTube kumapeto kwenikweni, patatha chaka kapena chaka ndi theka. Onaninso lamulo la msinkhu wa filimu. Ambiri amafuna yomalizidwa m'miyezi 12 kapena 24 yapitayi, choncho tsiku limene mulembe kuti filimu inatha likhale loona ndipo lisasinthe pa fomu iliyonse.

Wina adzakuuzani kuti ku Cannes kuli gawo la ophunzira. Lilipodi, amati La Cinef, kale linkatchedwa Cinéfondation ndipo linayamba mu 1998. Koma ndi la mafilimu opangidwa m'sukulu zophunzitsa za mafilimu. Kalabu ya ku sekondale kapena ya ku koleji ya aphunzitsi silowa pamenepo, musaononge bandulo.

Nangozo wa ku Tsangano:
Bwanji aliyense akuthamangira ku Cannes? Pepalalo liyambe ndi za mu Africa. FESPACO ya ku Ouagadougou, ku Burkina Faso, inayamba mu 1969 ndipo imachitika kamodzi pa zaka ziwiri, monga mu 2023 ndi 2025, chakumapeto kwa Febuluwale. Ili ndi mpikisano wa mafilimu aafupi, koma dziwani kuti oonera kumeneko ambiri amawerenga Chifalansa. ZIFF ya ku Zanzibar imachitika pakati pa chaka. Ya ku Durban inayamba mu 1979 ndipo imabwera mu Julayi. Ya Carthage ku Tunisia ndi yakale kuposa zonsezi, ya 1966. Ku Ulaya, nyumba yeniyeni ya mafilimu aafupi ndi Clermont-Ferrand ku France, chakumapeto kwa Januwale ndi kumayambiriro kwa Febuluwale, ndi Oberhausen ku Germany. Kumeneko filimu ya mphindi 12 ndiye mwini bwalo, pomwe ku Cannes, Berlin ndi Venice maso onse amakhala pa mafilimu aatali ndi akatswiri otchuka.

Kumbukirani kuti kulandira mafilimu kumatsekedwa miyezi ingapo chikondwerero chisanafike. Ukamva pa wailesi kuti chayamba ndiye kuti chako chinapita kalekale.

Mlamu wa ku Mtakataka:
Za ndalama. Zikondwerero zambiri zimalandira mafilimu kudzera pa tsamba la pa intaneti la FilmFreeway, zina pa Festhome kapena Shortfilmdepot. Kutsegula akaunti ndi kuika filimu pa FilmFreeway n'kwaulere, umalipira potumiza ku chikondwerero chilichonse. Mitengo imayambira pa ulere mpaka kupitirira madola 50, ndipo imakwera tsiku lotsekera likamayandikira. Malipiro ndi a khadi ya ku banki kapena PayPal. Airtel Money ndi Mpamba sizigwira kumeneko, ndipo ndi kusowa kwa ndalama zakunja kumeneku khadi ikhoza kukana tsiku lomaliza lenilenilo.

Njira ziwiri. Yoyamba, posaka sankhani zosalipira zokhazokha, zilipo zambiri ndithu. Yachiwiri, pemphani waiver, ndiko kuti akukhululukireni malipiro. Imelo yake ikhale yaifupi: dzina la filimu, mphindi, chilankhulo, dziko, nkhani m'chiganizo chimodzi, kuti opanga ndi ophunzira, linki ndi pasiwedi. Muonjezere chiganizo chosonyeza kuti mwawerenga malamulo awo, monga dzina la gawo limene mukufuna. Itumizeni kutangotsegulidwa, osati sabata yotsekera. Imelo imodzi yomwazira ma adiresi 40 nthawi imodzi imaoneka ndipo siyankhidwa.

Achimwene a pa Kampepuza:
Tisanafike ku madola, mawu anajambula bwanji? Filimu ya pafoni kawirikawiri sigwera pa chithunzi. Osankha amakhala ndi mulu wa mafilimu, chithunzi chofooka amachipirira, koma mawu ophulika ndi mphepo amatseka msanga. Ndiye nkhani ya m'mbali mwa M1 n'njovuta: mathiraki, njinga zamoto za kabaza, ndi mphepo ya Juni ndi Julayi imene kuno sipuma. Yesani chonchi. Valani mahedifoni, tsinzinani, mverani filimu yonse. Paliponse pamene liwu lakuphonyani lembani mphindi yake. Bwerezani pa sipika ya foni. Malo akapitirira atatu, filimuyo sinathe.

Nabanda wa ku Bembeke:
Mawu ndi a m'mafoni omwewo amene ankajambula chithunzi. Pamsika sakumveka bwino, ndipo chakumapeto milomo ikutsogola, mawu akubwera pambuyo.

Achimwene a pa Kampepuza:
Amenewo ndi matenda awiri osiyana.

A milomo gwero lake ndi foni. Mafoni amajambula ndi liwiro losinthasintha, pena mafulemu 30 pa sekondi, pena 28, pena kutsika kwambiri kukada kapena foni ikatentha. Pulogalamu yodulira imatenga ngati liwiro ndi limodzi, ndiye kusemphanako kumanka kukula mpaka kumapeto. Dutsitsani mafayilo onse oyambirira mu HandBrake, pulogalamu yaulere, musankhe constant framerate, ndiko kuti liwiro losasintha, ndi nambala imodzi pa mafoni onse awiri, kenaka muwabwezere m'malo mwake. Ngati anajambula pa 30 isiyeni pa 30. Kuikakamiza kupita pa 25 kumachititsa chithunzi kudumphadumpha kamera ikamatembenuka. Ulendo wina adzayambe ndi 25 ndi shutter ya 1/50, chifukwa magetsi a kuno ndi a 50 Hz. Pa 30 mababu ena amaphethira ndipo mizere imayenda pachithunzi.

A pamsika alibe mankhwala a pa kompyuta. Mapulogalamu ochotsa phokoso ukawakankha kwambiri munthu amamveka ngati akulankhulira m'ndowa. Jambulaninso mawu okha. Musachitire m'kalasi, simenti ndi malata zimabweza mawu ndipo aliyense adzamva kuti ali m'nyumba pomwe chithunzi chikuonetsa panja. Pitani panja m'mamawa, kuseri kwa khoma lotchinga mphepo, kutali ndi chigayo ndi atambala. Wosewera amvere chiganizo chake, achibwereze katatu mwa liwiro lomwelo, maiki ali masentimita 30 kuchokera pakamwa, cham'mbali pang'ono kuti "p" ndi "ph" zisaphulike. Jambulani mu fayilo ya mawu ya mtundu wa WAV, 48 kHz, pa choyezera mphamvu ya mawu azisewera cha pa -12 dB, akakwera asadutse -6. Mukatero mubwerere pamsika mukajambule phokoso lokha mphindi zitatu, popanda wina wa inu kulankhula, n'kuliyala pansi pa chigawo chonsecho motsitsa. Popanda phokosolo mawu atsopano aja amayandama ngati a pa wailesi.

Pojambula filimu yotsatira, foni yachitatu ikhale m'thumba mwa wosewera ndi kamaiki ka pa kolala, wina aombe m'manja kamodzi kamera ikuona, ndipo podula mufananize kuomba kuja. Siponji yokha mphepo ya ku Tsangano siyiimitsa, pamafunika chophimba chaubweya.

Nangozo wa ku Tsangano:
Tsopano mawu olembedwa m'munsi, pakuti woonera wa ku Durban filimu yonse adzaimvera m'maso. Gwiritsani pulogalamu ya Subtitle Edit kapena Aegisub, zonse zaulere, mutulutse fayilo ya mawu olembedwawo ya mtundu wa SRT yosungidwa mu UTF-8. Mizere isapitirire iwiri, mzere usapitirire zilembo 42, mawu akhale pachithunzi kuyambira sekondi imodzi mpaka 6, ndipo liwiro lowerenga likhale cha pa zilembo 17 pa sekondi. Izi zikutanthauza kudula. Moni wa kwathu kuno, "mwadzuka bwanji, nanga kunyumba, nanga ana", safunika kumasuliridwa yense. Mzere umodzi ukwana, zotsalazo woonera aziona pankhope ndi pa kagwadidwe.

Sungani mafilimu awiri: imodzi yokhala ndi mawu a Chingerezi omatiratu pachithunzi, yotumiza kwa osankha, ina yoyera yopanda kalikonse. Chikondwerero cha ku France kapena ku Tunisia chidzafuna kuikapo chilankhulo chake, ndipo ngati muli ndi yomata yokha mawu adzasanjikizana.

Povuta penipeni ndi pa ubale. Chingerezi chili ndi liwu limodzi la malume ndi la bambo aang'ono, pomwe kwathu kuno mtsikana akathawira kwa malume ake ndiye kuti wapita kwa mwini mbumba, amene ali ndi mphamvu zoweruza. Ngati nkhani yatsamira pamenepo, mzere woyamba umene malume akutchulidwa unene kuti ndi mchimwene wa mayi. Makina omasulira sadziwa zimenezi, ndipo amasokonezanso mwamuna ndi mkazi chifukwa "iye" wathu alibe mbali.

Aphunzitsi a pa Dedza boma:
Pa miyambi ndiye ine ndimati lembani tanthauzo basi. Mayi akati "walira mvula walira matope", woonera wakunja ali ndi masekondi atatu okha. Muuzeni kuti wazifuna yekha, apitirize kuonera.

Nangozo wa ku Tsangano:
Pepani aphunzitsi, apa ndikukanani. Mwambi umenewo mvula ndi matope zimamveka kulikonse kumene kumagwa mvula. Mukauphwanya kukhala "wazifuna yekha", mayi uja wasanduka munthu wamba, pomwe kalankhulidwe kake ndiko kamatiuza kuti ndi munthu wotani. Mwambi umene chithunzi chake chimadziimira chokha ulembedwe momwe ulili. Umene umafuna kuti udziwe mudzi, monga "fodya wako ndi uyo ali pamphuno", apo ndiye mulembe tanthauzo. Muyeso wake n'ngosavuta: onetsani munthu wosamva Chichewa, mukatha mumufunse kuti akufotokozereni nkhani. Pamene wasokera ndi pamene mzere walakwika.

Aphunzitsi a pa Dedza boma:
Pa wa mvulawo ndavomera. Koma isakhale miyambi isanu mu mphindi 12.

Malume a ku Linthipe:
Ana inu mwaiwala mapepala. Pa fomu iliyonse mumavomereza kuti zonse za mu filimu muli nazo chilolezo. Nyimbo ndiye msampha woyamba. Nyimbo ya woimba wina, ngakhale masekondi 10, imafuna chilolezo cholembedwa cha wopeka ndi cha mwini chojambulidwacho, ndipo nthawi zina ndi anthu awiri osiyana. A COSOMA, bungwe loteteza umwini wa nyimbo ndi zaluso, angakulondolereni kwa eni ake. Chapafupi n'kupeza mnyamata wa gitala kapena kwaya ipeke yakeyake, n'kusainirana pepala lonena kuti nyimboyo ikhoza kumveka mu filimu kulikonse ndi nthawi iliyonse. Wosewera aliyense asaine, ndipo wosakwana zaka 18 amusainire kholo. Kuti muionetse pagulu kuno kwathu, filimu imayenera kudutsa ku Censorship Board.

Malo nawonso. Zojambula za pamiyala za ku Chongoni zili pa mndandanda wa UNESCO kuyambira 2006 ndipo zili m'manja mwa nthambi ya boma yosamala zakale, simungangofika ndi kamera n'kumagwiragwira miyala. Gule Wamkulu ali ndi eni ake: mumayamba mwaonana ndi amfumu ndi akuluakulu a gule, mujambule za pabwalo zimene akulolani, za kudambwe ayi. Ndipo pa Lizulu msewu ndiwo malire. Ukaoloka ndi kamera uli ku Mozambique, ndipo chilolezo cha kuno sichikutetezanso.

Wamakamera wa pa Lizulu:
Amalume atchula gule, ndiye ndinene chimene chimandinyansa. Pali maganizo oti azungu amafuna gule, ufiti ndi mwana wa mamina, ndiye ophunzira amalowetsa chilombo mu nkhani imene sichikufunika. Osankha aona zotere zambirimbiri. Taonani Borom Sarret ya Ousmane Sembène, ya 1963, imene ambiri amaiwerengera pachiyambi pa mafilimu a mu Africa muno: mphindi pafupifupi 20, munthu mmodzi woyendetsa ngolo ku Dakar, tsiku limodzi. Nkhani ya kachewereyi ili m'njira yomweyo. Isiyeni ikhale yaing'ono.

Mlamu wa ku Mtakataka:
Alamu, si zonse zabodza. Thumba la ndalama zopangira mafilimu likakhala ku Ulaya, monga Hubert Bals Fund ya ku Rotterdam kapena World Cinema Fund ya ku Berlin, amene amawerenga mapempho ndi a kumeneko, ndipo zimene amakonda zimakoka olemba. Kukana zimenezo n'kudzinamiza. Koma khomo la Chichewa silotseka. I Am Not a Witch ya Rungano Nyoni wa ku Zambia, imene muli Chinyanja, inaonetsedwa ku Cannes mu 2017, ndipo iye anayambira pa mafilimu aafupi. The Boy Who Harnessed the Wind, yojambulidwa ku Kasungu, inayambira ku Sundance mu 2019. The Road to Sunrise ya Shemu Joyah ndiyo inali yoyamba Malawi kutumiza ku Oscar, mu 2018. Chimene ana aphunzirepo n'chakuti asasinthe filimu kukhala ya Chingerezi poganiza kuti ikondedwa. Wosewera wa ku Bembeke akamalankhula Chingerezi cha pamtima nkhope imauma.

Nabanda wa ku Bembeke:
Zikomo. Tiyerekeze kuti yasankhidwa. Amafuna chiyani, ndipo ulendo amalipira?

Wamakamera wa pa Lizulu:
Yotumiza kwa osankha ndi fayilo yopepuka ya mtundu wa H.264, 1080p, cha pa 10 Mbps. Mphindi imodzi ndi pafupifupi 75 MB, ndiye mphindi 12 ndi 900 MB. Iikeni pa FilmFreeway pomwepo kapena pa Vimeo ndi pasiwedi, usiku netiweki ikapepuka, ndipo pasiwediyo musaisinthe mpaka zotsatira zitatuluka. Linki yakufa ndi filimu yokanidwa.

Ikasankhidwa amafuna fayilo yolemera. Ya mtundu wa ProRes 422 HQ pa 1080p imadya pafupifupi 1.4 GB pa mphindi, yanuyi ikhala cha pa 17 GB, ndiye mukonzeretu malo a intaneti yamphamvu. Ena amafuna DCP, imene makina a m'nyumba zoonetsera mafilimu amawerenga. DCP-o-matic ndi yaulere ndipo imapanga, koma afunseni kaye ngati makina awo amalandira mafulemu 30, poti ambiri anazolowera 24 ndi 25. Chithunzi cha 1920 ndi 1080 chimalowa mu bokosi la 1998 ndi 1080, timizere takuda timatsala m'mbali. Musachikoke kuti chidzaze, nkhope zimafufuma. Konzeranitu zithunzi zitatu kapena zisanu zochokera mu filimu, chithunzi cha wotsogolera ndi mbiri yake yaifupi, nkhani m'chiganizo chimodzi ndi ina ya mawu 100, ndi mndandanda wa zolankhula wokhala ndi nthawi zake. Amapereka masiku ochepa. Zonsezi zikhale pa hard drive ziwiri zosungidwa m'nyumba ziwiri, osati pa fulashi imodzi yoyenda m'thumba.

Za ulendo, pa mafilimu aafupi kawirikawiri amapereka chiphaso cholowera, mwina malo ogona masiku angapo, tikiti ya ndege mwa apo ndi apo. Funsani kalata yoitanira tsiku lomwelo, pakuti viza ya ku Ulaya imatenga masabata. Ku South Africa ndi ku Tanzania wa pasipoti ya Malawi safuna viza pa ulendo waufupi, ndi chifukwa china choyambira ku Durban ndi ku Zanzibar. Ku Burkina Faso amafuna khadi ya katemera wa yellow fever. Filimu imaonetsedwa ngakhale mwini wake sanapite.

Aphunzitsi a pa Dedza boma:
Chenjeraninso ndi zikondwerero za m'chikwama. Zizindikiro zake: chimapereka mphoto mwezi uliwonse, magawo ndi ambirimbiri ndipo gawo lililonse lili ndi mtengo wake, palibe dzina la holo kapena tsiku loonetsa, palibe chithunzi cha anthu atakhala pansi kuonera, ndipo ukapambana amati ugule chikho. Zina zimakulemberani zokha kuyamikira filimu imene sizinaione. Zizindikiro za masamba zimene zikondwerero zimapereka kuti muike pa chikwangwani cha filimu zikakhala zochokera kotere, odziwa akaziona amakayikira ndi filimu yomwe.

Kwa amene akufuna kuphunzira osati kungotumiza, kuli Talents Durban, imene imagwirizana ndi Berlinale Talents, ndi MultiChoice Talent Factory, imene sukulu yake ya kum'mwera kwa Africa ili ku Lusaka. Pofunsira malo kotere ntchito imene unapanga kale imalankhula, ndiye filimu iyi ikakonzedwa bwino ndi chiphaso cha wotsogolera, wojambula ndi wodula yemwe. Mayina a kumapeto alembedwe moona, aliyense ndi ntchito imene anagwiradi.

Nabanda wa ku Bembeke:
Kamodzi komaliza, amalume. M'chigawo cha pa golosale wailesi ikuimba nyimbo ya woimba wotchuka chapansipansi, masekondi 40. Ana sanaiikemo, inangolowa yokha.

Malume a ku Linthipe:
Kulowa yokha sikuchotsa mlandu, mwana wanga. Ngati ikuzindikirika, ndi nyimbo ya mwini wake. Poti mawu mukujambulanso kale, chigawo chimenecho chichotsereni mawu onse, osewera abwereze zolankhula zawo, phokoso la pa golosale mulijambule wailesi itazima. Mukafuna kuti wailesi izimvekabe, imbitsani nyimbo ya mnyamata wa gitala uja pa wailesi yeniyeni kapena pa kasipika kakang'ono m'golosale momwemo, muijambule muli mamita awiri kapena atatu, n'kuiika pansi pa zolankhula.

Achimwene a pa Kampepuza:
Ndipo muzimitse firiji ya m'golosalemo pojambula, kulira kwake kumalowa mu maiki ngakhale khutu silikukumva. Makiyi anu muwaike m'firijimo kuti musachoke musanaiyatsenso, zakumwa za eni ake zingafunde.